Tsiku Limene Eyiti Inaposa Seventini

Ndikukumbukira nzimbe. Anzanga akamakamba za ubwana amayamba ndi mpira wachikulunga kapena kukumba mbewa, koma ine chimene chimabwera msanga m'mutu ndi nzimbe imodzi, mpeni wa mayi, ndi ine nditagwada pabwalo kuwerenga mfundo. Mayi ankaidula pakati, chidutswa china changa, china cha Tomasi. Tomasi ankalandira ndi manja awiri n'kuyamba kusenda ndi mano pomwepo. Ine ayi. Ndinkayamba ndagundaniza chidutswa changa ndi chake kuti ndione. Changa chikatalika, ndinkadandaula kuti iye wapatsidwa chakutsinde, kumene kumakhala shuga. Chakutsinde chikagwera ine, ndinkati chake n'chachitali. Pofika poti ndilume, mnzanga anali atamaliza kale, akunyambita zala, ndipo nzimbe yanga inkamveka ngati phesi la chimanga.

Tomasi ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga amene ankakhala ku Massangulo, pafupi ndi mishoni. Azakhali atamwalira, bambo anapita pa njinga kukamutenga, ndipo anafika naye kumudzi kwathu, kunja kwa Mandimba, ali ndi kajumbo ka zovala ndi nsapato zakuda zimene anapatsidwa ndi masisitere. Tinali amsinkhu umodzi. Tinkagona mphasa imodzi, kufunda bulangete limodzi, kulowa kalasi imodzi. Anthu awiri mukawaika pafupi chonchi, maso a anthu amayamba okha kuyeza. "Taona mnzako," mawu amenewa ndinawamva kwa aphunzitsi, kwa amayi a pachitsime, ngakhale kwa munthu wongodutsa ndi njira. Tomasi ankalankhula Chipwitikizi chosalala ngati cha pa wailesi, pomwe changa chinkatuluka chokhala ngati ngolo ya m'mabampu. Sankakwiya. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ndipo kusakwiya kwakeko n'kumene kunkandikwiyitsa kwambiri. Ukamuputa, ankangokuyang'ana ngati wadwala, akukumvera chisoni.

Nsapato zakuda zija ndinkazidziwa kuposa mwini wake. Ndinkadziwa pamene zinayamba kusosoka ulusi, ndinkadziwa fungo lake akazipaka mafuta ophikira Lamlungu m'mawa. Iye akapita kumtsinje, ndinkaziyesa kuseri kwa nkhokwe, ngakhale zinkandithina. Mapazi anga ndi otambalala, a munthu woyenda pansi.

Kuti mumve bwino zimene zinachitika, muyenera kuwadziwa bambo anga. Iwo anakulira ku Malawi, mbali ya ku Namwera, kumene agogo anathawira nkhondo. Anabwerera kuno mtendere utabwera, koma lilime lawo linatsalira tsidya lija. Ife tikamati pau, iwo ankati buledi. Kuwerenga ankawerenga wanu, thu, fili, ndipo mawerengedwe a Chipwitikizi ankayamba awatembenuza m'mutu, milomo ikugwedera, asanakuyankhe. Nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya tsiku lotsekera sukulu kumeneko. Ankati sukulu yonse inkakhala pansi pa mitengo, makolo ali m'mbali, ahedi n'kumaitana ana potsata mmene akhozera: nambala wanu, nambala thu, mpaka wogwira mchira. Nambala yochepa ndiyo inali ya anzeru. Chaka china iwo anakhala nambala sikisi, agogo aakazi n'kuimba nthungululu mpaka mpango kugwa. Nkhani imeneyi tinaimva kambirimbiri, ndipo pofika pa mpangopo ankaseka ngati akuiona koyamba.

Kuno sizitero. Kuno saika ana pamzere. Aliyense amapatsidwa mavalori ake, kapena kuti malikisi, powerengera pa makumi awiri, ndipo nambala ikakula ndiye kuti wakhoza. Ukalephera kufika pa khumi, wagwa. Bambo zimenezi sankazidziwa, chifukwa ine ndine woyamba kubadwa, ndiponso zaka zonse zam'mbuyo ankangofunsa kuti takhoza kapena ayi, n'kubwerera ku fodya wawo.

Chaka cha kalasi yachisanu zinthu zinasintha. Sukulu ya kumudzi kwathu inkathera pomwepo. Bambo aang'ono, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Cuamba, anatumiza uthenga woti m'nyumba mwawo muli malo a mwana mmodzi, abwere Khirisimasi isanafike kuti azolowere, adzayambe sukulu ya m'tauni. Mmodzi, osati awiri, poti nawonso anali ndi ana awo. Bambo anagamula mwachidule kuti mayeso ndi amene adzasankhe. Ine Cuamba ndinali ndisanaione, koma ndinkailota: sitima, magetsi, mpunga wa tsiku lililonse. Koma kunena zoona, chimene chinkandisowetsa tulo sichinali kupita kwanga. Chinali kuganiza Tomasi atakwera shapa, minibasi ya kuno, ine nditaima m'fumbi kumubayibitsa.

Tsiku la zotsatira kunali kotentha, mitambo itaunjikana mbali ya ku Ngauma koma mvula osagwa. Mango anali atayamba kupsa, ntchentche zili ng'waa pansi pa mitengo. Aphunzitsi anawerenga maina. Tomasi, dezaseti. Ana anaomba m'manja. Dzina langa litafika, anati oyitu, osakweza ngakhale maso. Pobwerera ndinamenya theche chulu chaching'ono cha m'mbali mwa njira, ndikuyesa kuti n'chofewa, chala chachikulu n'kung'ambika. Tomasi ankabwera m'mbuyo, patali pang'ono, monga amachitira munthu wodziwa galu wake.

Tinapeza bambo pakhonde akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Sanadikire kuti tikhale pansi. Anandifunsa kuti ndakhala nambala chani, ine n'kuyankha chapansipansi kuti oyitu, maso ali pa chala changa chamagazi. Ndinaona milomo yawo ikugwedera. Kenaka chubu chija chinagwera m'madzi.

"Eyiti! Dinisi, eyiti? Amake Dinisi, tabwerani mudzamve!"

Atafunsa Tomasi, iye anati dezaseti, ndipo milomo inagwederanso, nthawi yotalikirapo. Seventini. Bambo anapukusa mutu mwachisoni, n'kumugwira paphewa. Anamuuza kuti asade nkhawa, seventini si mchira, kungoti anthu ofatsa amapusitsa, umayesa muli zambiri pomwe ndi ulesi wa pakamwa chabe. Anati ankadziwa kale kuti mwana wolongolola ngati ine mutu wake umathamanga.

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Koma bambo anali atandinyamula kale m'mwamba, ine mnyamata wamkulu ndithu, ndipo fungo la guluu wa chubu ndi thukuta lawo zinandilowa m'mphuno. Chibadwire anali asanandinyamulepo chifukwa cha chinthu chimene ndachita. Ndili m'mwambamo ndinayang'ana Tomasi, ndikudikira kuti anene. Anali atawerama, akutola chubu m'beseni kuti chisanyowe pomata. Ndinatseka pakamwa.

Mayi sanapite kusukulu, koma mwana wawo amamudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana chala changa, n'kufunsa ngati munthu wokhoza amabwera kwawo atamenyana ndi chulu. Bambo anati ndi chisangalalo. Mayi anangopita kukagwira tambala wofiira amene bambo analoza. Dzuwa lisanalowe tinali pa mphasa, ndipo bambo anafufuza m'mbale n'kutulutsa nthutumba, imene m'nyumba mwathu inali ya iwo okha kapena ya mlendo wolemekezeka, n'kuiika m'manja mwanga. Zaka zonsezo ndinkaiyang'ana nthutumba ikulowa m'kamwa mwa ena. Tsiku limenelo ndinaitafuna, kuitafuna, ikungozungulira m'kamwa ngati mphira wa chubu uja. Tomasi anapatsidwa khosi, ndipo analikukuta bwinobwino mpaka mafupa kuyera. Ndinapezeka kuti ndikusirira khosilo.

Ndinkadziwa kuti ku Cuamba zidzaululika akadzafuna mapepala a sukulu. Koma mutu wa mwana uli ndi masamu ake. Ndinkati pofika nthawi imeneyo ndidzakhala nditazolowereka, bambo aang'ono adzangondilembetsa kubwereza kalasi komweko, malo adzakhala atadzaza, ndipo Tomasi adzakhala ali m'munda wa fodya. Si ine ndinanama, ndinkadziuza. Ine ndinanena oyitu, monga anandiuzira aphunzitsi.

Bambo si munthu wozengereza akasangalala. M'mawa mwake ananena kuti tinyamuka tsiku lomwelo. Analamula kuti Tomasi andibwereke nsapato zakuda zija, poti m'tauni munthu salowa ndi mapazi, ndipo kumunda nsapato zilibe ntchito. Tomasi anazipukuta ndi kansalu asanandipatse. Tinauyamba ulendo wa ku Mandimba kokwerera shapa, bambo ali patsogolo akukankha njinga imene Tomasi ankayenera kubwerera nayo, ine pakati, Tomasi m'mbuyo atasenza chikwama changa. Aliyense amene tinakumana naye anauzidwa. Mayi wina amene mwana wake tinali naye m'kalasi atamva kuti eyiti, anaseka n'kugwira pakamwa, akuyesa kuti bambo akucheza. Atadutsa, bambo ananditembenukira n'kundilangiza kuti ndizolowere, munthu ukakwera anthu amachita nsanje.

Nsapato zinkandiluma. Chala chong'ambika chija chinkagunda kutsogolo pa sitepe iliyonse. M'mbuyo mwanga ndinkamva Tomasi akupuma mwamphamvu akaponda timiyala, poti mapazi ake anali asanaume ngati anga. Bambo atapatuka kukapereka moni pa nyumba ina, ndinatembenuka n'kumuyandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugundana.

"Bwanji sukunena?"

"Ndinene chiyani?"

"Usandipusitse iwe. Ukufuna ndikachite manyazi ku Cuamba, udzaseke bwino."

Anasuntha chikwama pamutu, n'kuyang'ana kumene kunali bambo. Iye ankakonda kundiitana kuti mano, kutanthauza mbale m'Chipwitikizi.

"Ndi bambo ako, mano. Sunawaone dzulo mmene anasekera? Chibwerereni ine pakhomo paja sindinawaonepo akuseka choncho. Ndiye ndikhale ine wowalanda, ine wongodya nawo?"

Munthu wina akanagwidwa ndi chisoni pamenepo. Ine ndinagwidwa ndi ukali. Ndinaona kuti wandiposanso. Ndinali nditavala nsapato zake, nditadya nthutumba yake, ndikupita kukagona pa malo ake, koma iye wapansi, wosenza katundu wanga, anali pamwamba pangabe. Panalibe chimene ndikanamulanda kuti atsike. 

Pokwerera shapa panali phokoso la masiku onse: amayi a nthochi ndi mandasi, matumba a nyemba, mbuzi yomangidwa miyendo ikulira pamwamba pa galimoto, kondakitala akuitana Cuamba, Cuamba, ngati kuti anthu aiwala kumene akupita. Bambo analandira chikwama kwa Tomasi n'kumupatsa njinga. Anamulangiza mokoma mtima ndithu, pamaso pa anthu onse aja, kuti akafika akayambe kuokera fodya m'munda wakumtunda, ndipo asadandaule, sukulu si ya aliyense, khasu nalonso limadyetsa munthu. Tomasi anati chabwino, malume.

Chabwino ameneyo ndiye anandimaliza. Sindikumbukira kuwerama. Ndimangokumbukira nsapato ili m'manja, kenaka ikuwomba chitseko cha shapa, mbuzi n'kusiya kulira.

"Kuno si ku Malawi, bambo! Kuno eyiti ndi kugwa! Wakhoza ndi uyu, ine ndagwa, ndagwa!"

Mtsikana wina wa mandasi kuseka kunamupulumuka. Bambo anayang'ana ine, anayang'ana anthu. Kondakitala, poona kuti akuchedwa, anathandiza mwachangu, n'kuti ee madala, oyitu ndi negativa, dezaseti ndiye mutu weniweni, tiyeni tikwere. Ndinaona milomo ya bambo ikugwedera, koma ulendo uno sinkawerenga chilichonse. Anatembenukira Tomasi n'kumufunsa ndi maso okha, iye n'kugwedeza mutu, akuyang'ana pansi ngati ndiye wolakwa. Bambo anapita okha kukatola nsapato ija pansi pa galimoto. Anaipukuta pa buluku lawo, anandiuza mosakweza mawu kuti ndivule inayo, n'kupereka zonse ziwiri kwa mwini wake.

Bambo ndi Tomasi anakwera. Panalibe nthawi yosinthana katundu, choncho Tomasi analowa mu Cuamba ndi makabudula anga, ndipo akuti sabata yoyamba ankayenda atagwira m'chiuno. Ine ndinatsala m'fumbi muja, monga momwe ndinkaopera miyezi yonse ija, kungoti ndinadziikamo ndekha. Sindinabayibitse. Ndinakankha njinga kubwerera kumudzi ndikulira ndi ukali, ndikutukwana miyala, mapazi akupuma bwino kwa nthawi yoyamba chichokereni m'mawa. Mayi anandiona ndikulowa pabwalo ndi njinga. Anatenga madzi amchere n'kutsuka chala chija.

Ndinkayembekezera chikwapu bambo akabwera. Sichinabwere. Chimene chinachitika chinandiwawa kuposa chikwapu: nkhani ya nambala sikisi ndi mpango wa agogo sanaikambenso kwa zaka zambiri. Ndinawauza zoona, inde, koma ndinawauza pamsika, ndi mawu amene anawakumbutsa kuti m'dziko lawo lomwe ndi alendo. Chimenecho ndi cha mtima wanga wapachala, ndipo ndimachidziwa.

Musaganize kuti kaduka kanathera pa shapa paja. Kaduka sikachoka ngati dzino, kamachoka ngati chipsera, pang'onopang'ono, mwina osatheratu. Tomasi akabwera pa tchuthi ndi nkhani za sitima, ine ndinkapeza ntchito kudimba. Ndinabwereza kalasi yachisanu, ndinakhoza, ndinayamba kuyenda wapansi kupita kusukulu ya ku Mandimba, koma chaka chisanathe mphunzitsi wina anandifunsa pamaso pa ana kuti kodi ndinedi msuweni wa Tomasi amene anamva mbiri yake. Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, ndinatuluka, ndipo sindinabwererenso. Ndinalima fodya, ndinanyamula katundu pa njinga kumalire, mpaka ndinapeza mota, njinga yamoto imene ndimanyamulira anthu lero.

Pa mota munthu umaganiza kwambiri, makamaka pobwerera wopanda pasinjala. Ndi m'maulendo amenewa mmene ndinazindikira kuti pa ubwana wanga wonse, tsiku limodzi lokha ndi limene ndinapambana Tomasi, ndipo ndilo tsiku limene ndinavutika kuposa onse. Ndiye chimene ndinkafuna chinali chiyani? Nsapato ndinavala, zinandiluma. Nthutumba ndinadya, sinakome. Ndinkafuna kukhala iyeyo, ndipo malo amenewo anali ndi mwini wake kale.

Tomasi pano ndi mphunzitsi ku Etatara. Nyengo yozizira yapitayi ndinatenga pasinjala wa kumeneko, ndipo nditamutsitsa ndinafunsa kunyumba kwa aphunzitsi. Ndinamupeza pamwamba pa denga akutseka mabowo ndi phula, atavala nsapato zong'ambika kuposa zanga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mpapaya, tinakamba za mvula, za mayi, za mitengo ya feteleza. Kenaka ndinamufunsa chimene ndinali nditasunga zaka zonsezi, kuti kodi ndikanapanda kuponya nsapato, akanangokhaladi chete mpaka kumunda wa fodya. Anaseka, anati sakudziwa, mwina akanalira panjira. Kenaka anawonjezera:

"Ukudziwa, mano, ine ndinkakuchitira nsanje. Malume atamva oyitu sanafunse n'komwe kuti kuno amawerenga bwanji. Ankafuna kuti ukhale iwe. Ine seventini yanga ndinalibe woti andinyamule nayo m'mwamba."

Zaka zonse zija pa mphasa imodzi, ine ndikuwerenga zake, iye akuwerenga zanga, bulangete lili limodzi.

Zinthu zasintha. Msewu wa ku Cuamba uli ndi phula, ndipo ulendo umene ndinkaulota ndimauyenda pamene ndafunira, ndi mota yanga. Sukulu ya kumudzi kwathu inawonjezera makalasi, ana safunikanso kusankhidwa mmodzi ngati nkhuku ya alendo. Koma kuyezana sikunathe, kunangolowa m'foni. Anzanga a pasiteji amakhala atawerama, akuyang'ana zithunzi za anthu a ku Nampula ndi ku Joni, n'kumapukusa mitu, pasinjala akudutsa pamphuno pawo. Ine kale ndinali ndi Tomasi mmodzi wondisowetsa mtendere. Iwo ali nawo mazana m'thumba. Bambo nawo anaphunzira mavalori. Mlongo wanga wotsiriza atabwera ndi katorze, anawerenga milomo ikugwedera, anandiyang'ana m'mbali n'kufunsa ngati fotini wa kuno ndi woti tambala angafere. Tsiku lomwelo, mosapemphedwa, nkhani ya mpango wa agogo inabwerera m'nyumba.

Ndisanachoke ku Etatara kuja, mkazi wa Tomasi anabweretsa nzimbe imodzi ndi mpeni. Tomasi anaidula pakati osayeza, n'kundipatsa chidutswa changa. Sindinama, diso linapita lokha, chizolowezi sichifa msanga. Chake chinali chachitali. Ndinachiona, ndinaseka, n'kuyamba kusenda changa ndi mano. Madzi anatsika mpaka pachigongono, ndipo ndinamaliza iye asanafike pakati.